Katemera wa malungo: amatani akalowa m'thupi la mwana?



Mu Ogasiti 2024, katemera wa malungo wotchedwa R21 anayamba kuperekedwa kwa ana m'chigawo cha Zambézia. Ambiri mwamva kuti muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo ena mukuchita mantha. Tinthuto tilimodi. Madokotala amatitcha nanoparticles. N'tating'ono kwambiri moti toposa 1,000 tikhoza kundanda pa kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Tilipo ta mitundu iwiri. Toyamba n'timipira tovekedwa kachidutswa ka khungu la kachilombo ka malungo. Khungu lokha, kachilombo kamoyo mulibe, choncho katemerayu sangadwalitse mwana malungo. Tachiwiri, totchedwa Matrix-M, timapangidwa kuchokera ku makungwa a mtengo wina wa ku Chile, ndipo ntchito yake ndi kudzutsa thupi.

Nanga bwanji anatichepetsa chonchi? Chifukwa asilikali a m'thupi, maselo aja amene amatiteteza, anazolowera kugwira zinthu za msinkhu wa mavairasi. Mwana akabayidwa, maselowa amathamangira pamalopo, n'kumeza timipira tija ndi kutinyamulira ku timabere ta m'thupi, tija timatupa m'khwapa kapena m'mphechepeche, tomwe timati mwanabere. Kumeneko amaonetsa anzawo maonekedwe a mdaniyo, ndipo thupi limayamba kupanga zida zomugwirira. Tsiku limene udzudzu udzalume mwanayo, kachilombo kadzapeza alonda akudikira kasanafike kuchiwindi, kumene kamakaswana. Timipirato sitikhalitsa, maselo omwewo amatiphwanya ntchito ikatha.

N'chifukwa chake ana ena amatentha thupi pang'ono kapena kutupa pobayidwapo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Muyamwitseni pafupipafupi. Koma kutenthako kukapitirira, kapena mwana akakomoka, kukana bere kapena kufooka, musanene kuti ndi katemera basi. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo akamuyeze magazi.

Asilikaliwa amaiwala, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amaphonya. Katemerayu ndi wobaya kanayi. Atatu oyamba amaphunzitsa thupi, wachinayi, amene amabwera mwana atakula ndithu ndipo amayi atanganidwa kale ndi kumunda, ndiye wokumbutsa. Pakafukufuku wa m'madera amene malungo amabwera ndi dzinja, katemerayu anachepetsa kudwala ndi pafupifupi 75 pa 100 alionse m'chaka choyamba. Sikuti onse ayi. Ndiye neti ikhalebe yokunga usiku uliwonse.

Inu amene mumapita kusikelo kutsidya, ku Muloza kapena ku Mulanje: ku Malawi anayamba mu 2019 ndi katemera wina, RTS,S, m'bale wake wa uyu. Nyamulani khadi la mwana kulikonse kumene mukupita, kuti anamwino aone amene analandira kale ndi tsiku lake, akuuzeni lobwereranso.