Za Kusamalira Otumidwa Kutali

Abale ndi alongo, akulu a mpingo ndi aphunzitsi, pa tsiku lino la chikondwerero tikumbuke kuti wotumidwa ndi Uthenga Wabwino ali ndi thupi lotopa, ali ndi banja lomdalira.

Alexander Hetherwick, amene anatsegula mishoni ino ya Domasi m'chaka cha 1884, anasiya kwao ku Scotland, nadzakhala pakati pa makolo athu, naphunzira Chiyao. Anzake ena sanaonenso kwao. M'chaka cha 1891, ku Blantyre, nthenda ya pakhosi inatenga mkazi wa Henry Henderson ndi mwana wao, ndiponso Dr John Bowie amene anawasamala. Ndipo Henderson mwini anafera ku Quelimane ali pa ulendo wobwerera kwao.

Mpingo wathu nawonso unatuma ana ake. M'chaka cha 1913 Lewis Bandawe ananka ku Mihecani, kwa Alomwe a ku Mozambique, nakhala komweko ndi mkazi wake kufikira 1928, namasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe.

Chifukwa chake, tikamtuma mbale kutali, tisamtsazike ndi nyimbo yokha. Tidziwe amene adzamlimira munda, amene adzalipira sukulu ya ana, amene adzaona makolo ake okalamba. Timlembere makalata, akadwala, timtumizire thandizo msanga, akabwera kudzapuma, tisamsenzetse maulaliki tsiku ndi tsiku, koma timlole akhale ndi a pa banja pake. Pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo wotuma ndi wotumidwa agwira ntchito imodzi pamaso pa Ambuye.