Kutsuka injini ya galimoto popanda kuwononga zamagetsi

Lero tichoka kaye m'mizere ya chimanga kuti tikasuzumire pansi pa boneti. Ambiri mwa inu mumadalira galimoto ya gulu, ya kopaletivi kapena ya pabanja potuta zokolola ndi kuzipititsa kumsika. Nyengo yokolola ikamatha, mukatsegula boneti mumapeza fumbi, makoko a chimanga, udzu ndi oyilo wouma. Zinyalalazi zimatseka rediyeta, injini n'kumatentha kwambiri. Zikakhudza paipi ya utsi yotentha zikhoza kuyaka. Zimaitananso makoswe, omwe amamangamo zisa n'kumadya mawaya.

Choncho kutsuka n'kofunika, koma ndowa imodzi ya madzi yokhuthulidwa mosasamala ikhoza kuimitsa galimoto pa tsiku lomwe tomato wanu ali kale m'madengu. Mfundo yoti mupite nayo kunyumba ndi iyi: yambani ntchito ndi zouma, madzi abwere pomaliza ndipo akhale ochepa.

Kukonzekera

Sankhani tsiku ladzuwa, ndipo muyambe m'mawa kuti pakhale nthawi youmitsa. Imikani galimoto kutali ndi chitsime, mjigo, mtsinje kapena dimba, chifukwa madzi a oyilo amawononga nthaka ndi madzi akumwa. Injini ikhale yozizira moti mutha kuikapo dzanja osapsa. Madzi ozizira akagwera chitsulo chotentha kwambiri, chitsulocho chikhoza kung'ambika.

Konzani burashi, mswachi wakale, nsanza, majumbo, timalamba ta mphira todula ku chubu, sopo wotsukira mbale, ndi botolo la pulasitiki loboola timabowo pachitsekerero. Musatsukire petulo: nthunzi yake imayaka ndi kamoto kakang'ono, komanso amawononga mphira.

Chotsani batire

Zimitsani galimoto ndi kuchotsa kiyi. Vulani wotchi ndi mphete. Pabatire pali mitu iwiri, wa chizindikiro cha (+) ndi wa chizindikiro cha (-). Yambani kumasula wa (-). Pagalimoto zambiri zing'onozing'ono sipanala ya 10 imakwana. Chifukwa chake n'chakuti waya wa (-) ndi wolumikizidwa ku thupi la galimoto. Mukayamba ndi (+), sipanala ikangokhudza chitsulo cha galimoto, moto uthetheka, ndipo batire imatulutsa mpweya woyaka. Waya mwamasulayo muupindire pambali kuti usabwerere pamutu wa batire. Izi zimatetezanso zala zanu, chifukwa fani yamagetsi ya galimoto zina imatha kuzungulira yokha injini ili yozimitsa.

Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira pamitu ya batire, sungunulani supuni imodzi ya soda wophikira therere m'kapu ya madzi, n'kupukuta ndi mswachi. Soda asalowe m'kati mwa batire, chifukwa amapha mphamvu ya asidi. Samalani maso, ndipo musambe m'manja mukatha.

Phimbani malo oopa madzi

Apa ndiye pagona nkhani. Mangani jumbo ndi mphira pa malo awa:

1. Alternator, chipangizo chotchaja batire chomwe chimazungulitsidwa ndi lamba. Chili ndi mipata yopitira mphepo, ndipo madzi ndi matope zimalowera momwemo.
2. Bokosi la mafyuzi, lomwe kawirikawiri limakhala lakuda, pafupi ndi batire.
3. Mapulagi ndi mawaya ake pa injini ya petulo, komanso distributor pa galimoto zakale. Madzi akatsalira m'maenje a mapulagi, injini imadumphadumpha kapena kukana kulira.
4. Kompyuta ya injini, ngati galimoto yanu ili nayo pansi pa boneti.
5. Khomo lolowera mpweya. Ili ndi loopsa kuposa onse. Mpweya umapanikizika koma madzi sapanikizika, choncho akafika m'kati mwa injini amapinda zitsulo, ndipo kukonza kwake kumadya ndalama za mbewu ya chaka chonse.

Werengani majumbo amene mwamanga, ndipo wina alembe nambalayo. Ngati galimoto ili ndi mawaya okhuthala a mtundu wa olenji, imeneyo ndi hybrid, ya magetsi amphamvu oti akhoza kupha munthu. Musaikhudze, pitani nayo kwa makaniko woidziwa.

Yambani ndi zouma

Tolani zinyalala ndi manja, makamaka m'makona ndi m'munsi mwa galasi lakutsogolo, pomwe masamba amatseka ngalande za madzi amvula. Sesani fumbi ndi burashi youma. Palani oyilo wouma ndi kamtengo, osati chitsulo. Pa rediyeta sesani mopepuka motsatira mizere yake, chifukwa timapeyala take timapindika msanga. Mukachita bwino gawo ili, mudzaona kuti ntchito yambiri yatha madzi asanafike n'komwe.

Tsopano madzi

Sungunulani sopo pang'ono m'chitini, nyowetsani burashi, n'kukwecha malo a oyilo, kachigawo kamodzi pa nthawi. Tsukuluzani ndi botolo loboola lija, molozetsa pamalo pamene mwakwechapo. Polumikizira mawaya muzipukuta ndi nsanza yofinya basi. Makina opopera madzi mwamphamvu, ngati aja a kotsukitsa galimoto m'tauni, amakankhira madzi kudutsa mphira zotchinga. Galimoto imatha kulira bwinobwino tsiku limenelo, dzimbiri n'kudzabweretsa vuto patapita masabata.

Kuumitsa ndi kubwezeretsa

Pukutani paliponse pamene madzi adikha. Chotsani majumbo onse ndi kuwawerenganso, poti jumbo loiwalika limasungunuka kapena kukodwa m'lamba. Siyani boneti yotsegula padzuwa kwa ola limodzi kapena awiri. Pobwezera batire, ngati munamasula mawaya onse awiri, yambani ndi (+), wa (-) akhale womaliza. Mangani zolimba, n'kupakapo Vaseline pang'ono kuti ufa uja usabwerere msanga. Lizani injini kwa mphindi 10 mpaka 15 ili pamalo amodzi. Ikamadumphadumpha, izimitseni, muumitsenso. Musaikakamize ndi kiyi mpaka batire kutha.

Injini yoyera imaulula matenda ake. Pakapita masiku awiri, tsegulaninso boneti: pamene oyilo kapena madzi akudontha padzaonekera, ndipo mudzauza makaniko malo enieni. Malangizo omwewa atsateninso pa thirakitala, njinga yamoto ndi pampu ya injini yothirira m'dimba.

Ntchito ya m'magulu

Tikachoka pano, gawanani m'magulu a anthu asanu. Gulu lililonse litsegule boneti ya galimoto yomwe ilipo, liloze malo asanu aja, ndipo aliyense, amayi ndi abambo omwe, ayeseze kumanga jumbo. Kenako mugwirizane: ndani azisunga zipangizo zotsukira, ndipo galimoto ya gulu muziiyeretsa liti, zokolola zikatha kapena mvula isanayambe? Mayankho anu tidzawamva pa mkumano wotsatira.