Oilo Akamachuluka Yekha

Chimanga ndi nandolo wa kuno ku Milange sitingazisenze pamutu mpaka ku Mocuba kapena ku chipata cha Muloza. Timadalira galimoto. Lero tikambirane za matenda amodzi a galimoto yoyendera dizilo.

Chaka china gulu lathu linali ndi galimoto yonyamula mbewu. Woyendetsa anatiuza mosangalala kuti injini yake siidya oilo, kwatha miyezi itatu osathira wina. Ife tinaomba m'manja. Nthawi yokolola injini inayamba kugogoda, kenaka inaima pamsewu. Matumba a nandolo anagona kunja masabata awiri. Makaniko atamasula, oilo anatuluka ngati madzi, akununkha dizilo.

Injini siibereka oilo. Akamakwera popanda womuthira, china chake chikulowamo, ndipo kawirikawiri ndi dizilo. Oilo wabwino ndi wonanda, amatchinga zitsulo kuti zisakhulane. Dizilo amamusungunula. Zitsulo zimadyana, ndipo mabeyaringi amatha msanga.

Tingadziwe bwanji? M'mawa, tisanalize injini, tiimike galimoto pamalo osapendekeka. Tisolole kandodo koyezera oilo, kamene m'Chipwitikizi amati vareta. Tikapukute, tikabwezeremo, tisololenso. Pakandodo pali mizere iwiri. Pena alembapo MIN ndi MAX, pena L ndi F. Zilembo zimenezi tinaziphunzira muno m'kalasi. Oilo akapyola mzere wam'mwamba, tinunkhize ndi kumukhudza ndi zala. Fungo la dizilo tonse tikulidziwa.

Pali njira ina yosalira ndalama. Ting'ambe pepala loyera. Mbali imodzi tidonthezepo oilo wa mu injini, mbali ina oilo watsopano. Tisiye maola angapo. Oilo wa dizilo amayenderera kwambiri, nasiya mkombero wotuwa kunja kwa dontho lakuda. Koma oilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, amenewo ndi madzi, ndipo ndi matenda ena.

Dizilo amadzera pati? Manozo, amene amapopera dizilo mu injini, akatha amangodontha m'malo mopopera ngati nkhungu. Dizilo wosapsayo amatsetsereka m'mbali mwa pisitoni mpaka pansi pamene pakhala oilo. Utsi umachuluka, ndipo injini imanjenjemera. Dizilo wam'mabotolo, wokhala ndi madzi kapena fumbi, amawononga manozo msanga. Tikudziwa kuti nthawi zina sitichitira mwina, komabe tiyambe tamusefa.

Pa injini zakale, monga za mathirakitala a Massey Ferguson, pali kapampu kokoka dizilo m'thanki. M'kati mwake muli kalabala kopyapyala. Kakang'ambika, dizilo amagwera mu oilo. Makaniko ayambe wayang'ana pamenepo, chifukwa kukonza kwake n'kotsika mtengo. Labala yotseka pa pampu yaikulu nayonso imatha. Kusiya injini ikulira galimoto ili chiimire kwa nthawi yaitali kumawonjezera vutoli.

Tsono mverani bwino apa. Oilo wosakanizika akadzaza kwambiri, injini imayamba kumuyamwa ndi kumuwotcha. Imalira mokweza yokha, utsi uli tolo, ndipo ngakhale tizule kiyi siizima. Zikatero tiponde buleki mwamphamvu, tiike giya yam'mwamba, tisiye kilachi kuti injini izime. Zikakanika, titseke polowera mpweya ndi thabwa. Tisatseke ndi dzanja.

Tisangotapako oilo wopyolayo n'kumapitiriza ulendo. Wotsalayo ndi wowonongeka kale. Tikonze podontha, tikhuthule oilo yense, tisinthe ndi sefa yake. Oilo wakaleyo tisamutaye kumtsinje kapena kudimba.

Galimoto imene tili nayo tsopano ili ndi kope lake. Lolemba lililonse woyendetsa amalemba tsiku, makilomita ndi pamene oilo walekezera. Mlembi wa gulu amawerenga pamsonkhano. Tsegulani makope anu, tijambule kandodo kaja ndi mizere yake iwiri.