Malipiro Oyenera kwa Osamala Abulu ndi Ziweto Zathu



Ambirife kuno ku Biwi tinamanga nyumba ndi njerwa ndi mchenga zobwera pa ngolo ya abulu. Tinalipira mwini ngolo, tinapita. Koma kodi tinafunsapo kuti mnyamata woyendetsa ngoloyo amalandira zingati? Nanga mlangizi wa ziweto amene amachiza zilonda za buluyo?

Mlangizi sabadwa ndi nzeru zimenezi. Ena anaphunzira ku Natural Resources College, makolo awo atagulitsa mbuzi ndi chimanga kuti apeze fizi. Kwa zaka zambiri madokotala a ziweto a dziko lino ankakaphunzira kunja, kufikira pamene sukulu ya LUANAR ku Bunda inayamba kuwaphunzitsa konkuno. Tsono munthu wotere akapalasa njinga mtunda wautali, atagula yekha mankhwala, ife timuuza kuti, "Zikomo, tionana kumapeto a mwezi." Akatopa asiya ntchitoyo, ndipo bulu afa ndi bala loti likadapola. Walira mvula walira matope: tikafuna chiweto chamoyo, tilipire wochisamala.

Mpingo sunakhale chete pa nkhaniyi. Mu 1891 Papa Leo XIII, m'kalata ya Rerum Novarum, anaphunzitsa kuti malipiro azikwanira kusunga moyo wa wantchito. Anatinso munthu akavomera malipiro ochepa chifukwa chosowa pogwira, kuvomerako sikuchotsa chinyengo. Mu 1981 Papa Yohane Paulo II anabwereza kuti malipiro azisunga banja lonse. Nawonso Aepiskopi athu, m'kalata yawo ya pa Lenti ya 1992, anadandaula za malipiro osakwanira a anthu wamba. Ndipo kuyambira 2000 dziko lathu lili ndi lamulo la zolembana ntchito lopatsa boma mphamvu yoika malipiro otsikitsitsa.

Nanga ife tichitenji? Tigwirizane mtengo ntchito isanayambe, ndipo tilipire tsiku lomwe tinapangana. Eni ngolo asalembe ana oyenera kukhala m'kalasi, ndipo asadule malipiro a mnyamata chifukwa bulu wadwala. Tikamadzudzula mabwana a m'makampani, tiyambe taona m'thumba mwathu.

Mafunso okambirana ku Mphakati:
1. Ndani amatigwirira ntchito pakhomo pathu, nanga timamlipira bwanji?
2. Kodi ndalama imeneyo ife tingadyetsere banja mwezi wathunthu?