Mnzathu amene wasiya kubwera kumsonkhano

Mawu amene mlendo wathu, dokotala wa matenda a maganizo, anayankhula pa tsiku la chikondwerero

 Kalata yanu itandipeza ndinaseka ndekha, chifukwa anthu a ntchito yanga sitiitanidwa kawirikawiri ku zikondwerero. Munthu akamva kuti ndine dokotala wa matenda a maganizo amasuntha mpando pang'ono, kapena amafunsa kuti, “Ndiye mukundiyeza panopa?” Lero sindikuyeza munthu. Ndabwera kudzadya nanu mpunga, ndi kudzakuuzani zimene ndaona pa ntchitoyi ndiponso pakhomo pathu.

Ine ndinaphunzira ndi ndalama za zitenje. Mayi anga ankakwera basi ku Lilongwe, kudutsa pa Mchinji ndi Chipata mpaka ku Lusaka, kukaoda katundu ku Kamwala. Anali mu chipereganyu cha amayi khumi ndi awiri a mumsika. Ndili folomu 2, mwezi wawo wolandira utakwana, anatenga ndalama zonsezo, kuphatikiza zina zokongola kwa anzawo a m'gulu lomwelo, n'kupita kukaoda. Pobwerera, zikwama ziwiri zinasowa m'basi usiku. Anafika kunyumba ndi kachikwama kam'manja kokha.

Sanalire. Anangoyamba kusiya zinthu chimodzichimodzi. Anasiya kupita kumsika, kenako kutchalitchi, kenako ngakhale kusamba kunkafuna kuwakakamiza. Ankadzuka 3 koloko usiku n'kukhala pamkeka mumdima. Ankadandaula mutu, msana ndi mtima kuthamanga. Kuchipatala anawayeza malungo, BP ndi shuga, osapeza kanthu, n'kuwapatsa panado. Achibale ena anati anzawo a mumsika awalodza. Lachinayi lililonse, tsiku la gulu, ankatiuza kuti tikhome chitseko, ndipo wina akagogoda tinene kuti achokapo.

Lachinayi lina amayi awiri a m'gulumo anakana bodza lathulo. Mmodzi anandiyang'ana n'kunena kuti, “Iwe mwana, nsapato za amako nzimenezi pakhomopa. Achoka chosavala?” Analowa. Buku la ndalama sanabwere nalo. Anabwera ndi ufa ndi usipa, anaphika, anakhala pamkeka pomwepo. Nkhani ya ngongole anaitchula kamodzi kokha: gulu lagwirizana kuti mayi apume miyezi itatu, kenako azibweza pang'onopang'ono. Lachinayi lotsatira anabweranso, ndi linzakelo. Patapita miyezi isanu mayi anabwerera kumsika, kuyambira pa tomato. Ngongoleyo inawatengera zaka ziwiri, koma anaimaliza.

Dzina la chimene chinagwira mayi anga ndinalidziwa nditakula, ndili kusukulu ya udokotala. Ndi matenda a kukhumudwa, ena amati dipuleshoni. Mu 2022 bungwe la WHO linati munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse pa dziko lapansi ali ndi vuto lina la maganizo, ndipo matenda a kukhumudwawa amagwira akazi kwambiri kuposa amuna. Ndinadziwanso kuti zimene amayi awiri aja anachita, osadziwa mawu a m'mabuku athu, ndi mbali yaikulu ya chithandizo chimene ife timapereka: kumudzutsa munthu, kumudyetsa, kumumvetsera osamudula mawu, ndi kuduladula vuto lalikulu kuti likhale tizidutswa toti angathe kunyamula.

Azichemwali a ku Harare mwina mukuudziwa mpando wa Friendship Bench. Dokotala mnzathu, Dixon Chibanda, anataya wodwala wake wina, mtsikana, amene anadzipha banja lake litasowa ndalama ya basi yobwera naye ku Harare. M'chaka cha 2006 anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kukhala pa benchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu amene akuvutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, chomwe ife timati kuganiza kwambiri. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi isanu ndi umodzi, anthu amene anakhala pa benchi ndi agogo anali bwino kwambiri kuposa amene analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi inafika ndi ku Malawi komwe. Ndikamaiwerenga ndimaona mkeka wa mayi anga. Inu benchi muli nayo kale. Mumakumana tsiku lodziwika, mumadziwana mayina a ana, mumadziwa amene wajomba. Ife madokotala a maganizo m'maiko athuwa ndife owerengeka, ndipo ambiri tili m'mizinda ikuluikulu. Zimene mumaona inu sabata iliyonse, ine ndimaziona mochedwa, munthu atafika kale pothina.

Tsono ndinene mbali inayo, ngakhale lero ndi tsiku lachisangalalo. Gulu lomweli likhoza kumudwalitsa munthu. M'chipinda changa ndakhala ndi amayi amene anakongola ku banki m'khonde kuti abweze ku gulu lina, n'kukongolanso kwachitatu, n'kumaliza ndi katapila. Ndikawafunsa chimene chikuwasowetsa tulo, ochepa amatchula kuchuluka kwa ndalamazo. Ambiri amatchula manyazi. Amatchula tsiku limene anzawo anabwera gulu kudzanyamula mipando ana akuona, aneba ali pa mpanda. Amatchula chithunzi chawo chimene chinaikidwa pa WhatsApp ndi mawu oti wakuba. Musandimve molakwa, amayi. Ndalamazo ndi za anthu amene nawonso akudikira fizi ndi feteleza, ndipo ngongole iyenera kubwezedwa. Chimene ndikukana ndi kumuvula munthu pagulu. Amene wavulidwa amathawa, amazimitsa foni, ndipo ena amaganiza zoti kuli bwino asakhalepo. Wakufa sabweza ngongole. Imatsalira ana ake pamodzi ndi mbiri ija.

Kumbukiraninso kuti si kugwa kulikonse kumene kuli kulakwa kwa mwini. Mu November 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anagulitsa katundu sabata imeneyo kuti akaodenso ndi ma rand anapeza mpamba wake wafota asanalakwitse sitepe iliyonse. A ku Zimbabwe mukukumbukira 2008, ndalama zikusungunuka m'manja musanafike pa shopu. A ku Beira munaona Idai mu 2019, a ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe munaona Freddy mu 2023. Munthu wokhumudwa amatenga zonsezi n'kuzisenza ngati wazichita yekha. Amati, “Ndine chitsiru, ndawononga banja.” Nthawi zambiri ntchito yanga yoyamba ndi kukhala naye ndi pepala, kulekanitsa zimene iye anachita ndi zimene zinangomugwera. Mlembi wa gulu lanu akhoza kuchita zomwezo bwino kuposa ine, chifukwa mitengo akuidziwa.

Ndiye mnzanu akajomba misonkhano iwiri yotsatizana, watuluka pa gulu la WhatsApp, foni sikupezeka, mlembi alembe chindapusa chake monga malamulo anenera. Koma wina apite. Mukafika yang'anani: kodi wakhala wosasangalala, wosafuna chilichonse, kwa masabata awiri kapena kuposerapo? Akugona? Akudya? Akudzitchula kuti ndi wopanda ntchito, kapena akugawa zinthu zake ndi kutsanzika mosadziwika bwino? Ngati wangobereka kumene, samalani kwambiri. Mayi woposa mmodzi mwa khumi alionse amadwala matendawa ali ndi pakati kapena atangochira, ndipo ife timangomuuza kuti athokoze Mulungu mwana ali moyo.

Ndipo mufunseni mosazungulira: “Achemwali, kodi mwaganizapo zodzipha?” Ndikudziwa kuti funsoli limalemera pakamwa. Ambiri amaopa kuti akafunsa amuika maganizowo m'mutu. Sizitero. Amene alibe maganizowo amakuyankhani kuti ayi, ndipo amene ali nawo nthawi zambiri amapuma kwambiri, chifukwa wakhala nawo yekha nthawi yaitali. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a m'munda ndi mapilisi ambirimbiri, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Simuyenera kufika ku Zomba Mental, ku Chainama kapena ku Ingutsheni kuti muthandizidwe. Yambirani chipatala chimene chili pafupi, mufunse namwino woona za matenda a maganizo. Izi zikukhudzanso amuna anu ndi ana anu aamuna. Ku Malawi malipoti a polisi amaonetsa kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna, ndipo ngongole imatchulidwa kawirikawiri.

Mankhwala alipo, monga fluoxetine ndi amitriptyline. Sagwira ngati panado. Amatenga masabata awiri mpaka anayi, nthawi zina kuposerapo, kuti munthu ayambe kumva kusintha, ndipo akachira ayenera kupitiriza miyezi ina isanu ndi umodzi. Ambiri amasiya msanga n'kunena kuti sanagwire. Kupemphera musasiye, ine ndimapemphera. Koma wa shuga sitimuuza kuti ataye mankhwala chifukwa wapita ku mapemphero.

Mankhwala amenewa ndinamwapo ine. Mu January 2021, mwezi uja nduna ziwiri za boma la Malawi zinamwalira ndi Covid tsiku limodzi, ndinataya mchimwene wanga wamkulu. Maliro anali a anthu ochepa, mwachangu, osagona pasiwa monga tinazolowera. Ndinabwerera kuntchito patatha masiku atatu. Ndinayamba kudzuka 3 koloko usiku, monga mayi anga aja, ndipo kwa miyezi inayi ndinkadziuza kuti ndangotopa. Ine amene ndimaphunzitsa ena zizindikirozi! Anandizindikira ndi namwino wachikulire amene ndimagwira naye ntchito. Anatseka chitseko n'kunena kuti, “Adokotala, mukanakhala wodwala wanu, mukanadzilembera chiyani?” Ndinamwa mankhwala miyezi isanu ndi inayi, ndipo ndinkapita kukayankhula ndi dokotala mnzanga.

Anthu amandifunsa kuti mumamva mavuto a anthu tsiku lonse, mutu wanu mumausunga bwanji? Palibe chachilendo. Tulo ndimaliteteza ngati mpamba. Foni imagona pabalaza, ine kuchipinda. Ndimayenda wapansi m'mawa, mphindi makumi atatu, ngakhale ndisakufuna. Mowa ndinausiyiratu, chifukwa umagoneka munthu msanga n'kumudzutsa pakati pa usiku nkhawa itawirikiza. Ndili ndi mnzanga mmodzi amene akandifunsa kuti uli bwanji sindimuyankha kuti ndili bwino pamene sindili bwino. Chovuta kwambiri chinali kuphunzira kukana. Apa ndikuyang'ana inu a ku Johannesburg, ku Durban ndi ku Cape Town. Mumagona m'kachipinda kamodzi anthu anayi, mapepala akukuvutani, ana munawasiya ndi agogo awo, ndipo foni ikalira kuchokera kumudzi mtima umagunda musanayankhe, chifukwa mukudziwa kuti ndi pempho. Kwathu timamutama mayi kuti ndi wolimba mtima, ndipo tikatero timamuonjezera katundu. Ikani malire a zimene mumatumiza pamwezi, muwauze achibale poyera. Adzadandaula mwezi woyamba ndi wachiwiri. Ine anandidandaula chaka chathunthu, ndipo tikuyankhulanabe.

Amayi wapampando, ndili ndi pempho limodzi loti mupite nalo ku komiti. Magulu anu ambiri ali ndi thumba la zadzidzidzi lothandiza pa maliro ndi pa matenda. Lembani m'malamulo kuti matenda a maganizo nawonso ndi matenda, kuti ndalama ya basi yopita kuchipatala izichoka m'thumba limenelo. Ndipo gulu lililonse lisankhe amayi awiri, osati msungichuma, osati mlembi, amene ntchito yawo idzakhala kukaona amene wajomba kawiri, buku atalisiya kunyumba. Amene ali kutsidya la malire, amuimbire foni ndi mawu, osati kumulembera pagulu. Mukawasankha amayiwo, ndiitaneni. Ndidzabwera Loweruka limodzi kudzakhala nawo, tidzayeseze pamodzi kufunsa funso lolemera lija mpaka lizolowereke pakamwa.

Tikatha kudya ndikhala pa tebulo la kumbuyo uko, pafupi ndi khomo. Amene akufuna kundiona abwere ngati akudzatenga madzi.