Injini za Gasi M'malo mwa Dizilo

Mau kwa atsogoleri a Chipani ndi antchito a Boma

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku mtsinje wa Shire, kuyambira pa Nkula pamene makina anayamba kuzungulira m'chaka cha 1966. Madzi atachepa m'nyanja m'zaka za 2016 ndi 2017, mdima unagwa m'mizinda, ndipo m'chaka cha 2018 dziko linabwereka majenereta a dizilo a kampani ya Aggreko opereka mamegawati 78. Majeneretawo anagwira ntchito kufikira 2022, chaka chimene namondwe Ana anaononga Kapichira.

Dizilo anapulumutsa dziko pa nthawi ya mavuto, koma pa mtengo wowawa. Dontho liri lonse limagulidwa ndi ndalama zakunja, nilitengedwa ulendo wautali kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndalama zomwezo ndizo zogulira feteleza wa mlimi ndi mankhwala a m'zipatala. Utsi wake uli ndi mwaye ndi sulufule, zimene zimapweteka zifuwa za anthu okhala pafupi.

Injini ya gasi imafanana ndi ya dizilo m'maonekedwe, koma moto wake umayatsidwa ndi pulagi monga m'galimoto ya petulo. Mwaye ndi sulufule zimakhala zochepa kwambiri, ndipo mpweya wotenthetsa dziko umachepako, ngakhale sutheratu. Injiniyi imadzuka m'mphindi zowerengeka. Motero dzuwa likalowa, makina a magetsi a dzuwa a ku Salima, amene anatsegulidwa mu 2021, nasiya kupereka mphamvu, injini zotere zingathe kulandira katunduyo msanga. Popeza zimaikidwa zambiri pamalo amodzi, imodzi ikamakonzedwa zinzake zimapitiriza ntchito.

Maiko oyandikana nalo dziko lino anayenda kale njira imeneyi. Ku Tanzania, tauni ya Mtwara inadalira majenereta a dizilo kwa zaka zambiri, koma pofika 2007 inali kulandira magetsi a gasi wa ku Mnazi Bay. Ku Mozambique, pa Ressano Garcia, anatsegula m'chaka cha 2014 malo a injini za Wärtsilä opereka mamegawati 175, omwa gasi wa ku Pande ndi Temane.

Apa ndipo pagona phunziro. Malo onse awiriwa anamangidwa pamene gasi anali atafika kale: Mtwara ili pafupi ndi zitsime, ndipo Ressano Garcia ili pa paipi yopita ku South Africa, imene inatha mu 2004. Malaŵi alibe chitsime cha gasi chogwira ntchito, ndipo gasi ayenera kuchokera kunja. Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna gasi wafunanso pangano ndi maiko a kunyanja, nkhokwe zosungiramo, ndi amisiri odziwa kutseka pothawira mpweya, pakuti gasi wothawa amaononga ndalama ndi mlengalenga womwe.

Chifukwa chake wantchito wa Boma wolemba mapangano afunse poyamba kumene gasi adzachokera, mtengo wake, ndi zaka zimene mtengowo udzakhazikika. Injini zigulidwe mayankho atapezeka. Majenereta a dizilo asaphwasulidwe atsopano asanayesedwe. Atsogoleri a Chipani m'maboma ndi m'nthambi afotokozere anthu zoona zake, osalonjeza magetsi a mawa pamene njira ya gasi isanalambulidwe. Injini yopanda gasi ndi ngongole chabe, ndipo woibweza ndi mlimi wa kumudzi.