Kuzula Zitsa ndi Makina: Nanga Zibenthu Tizitani?

Nkhani yathu ya lero ndi ya zitsa, makina ozipera, ndi zipangizo zimene amisiri a m'makomboni athu angapange pofuna kucotsa zibenthu za mtengo pamene makinawo ali pa nchito.

Pamene Lusaka anasanduka likulu la dziko m'caka ca 1935, amene anakonza mapulani ake anafuna kuti ukhale mzinda wa mitengo ndi maluwa. Pambuyo pake anthu a ku Matero, Chawama, George ndi Mtendere nawonso anabzala mango, mapeyala, malubeni ndi bulugamu m'mayadi mwao. Mitengo yambiri mwa imeneyi yakalamba. Mizu yake ikung'amba maziko a nyumba, ndipo eni mapuloti akuidula kuti amange zipinda zocititsa lendi. Mtengo ukagwa, citsa cimatsala. Cimaitana ciswe pafupi ndi denga, cimakhumudwitsa ana usiku, ndipo ca bulugamu cimaphukanso mvula ikangogwa.

Makolo athu anali kukumba mozungulira citsa ndi khasu ndi piki, ndi kudula mizu ndi nkhwangwa, kapena kusonkhapo moto kwa masiku angapo. Kumudzi njirazi zimathandiza, koma m'komboni, mmene khoma la mnzako liri pa mamita awiri cabe, moto ndi woopsa ndipo dzenje lalikulu lingagwetse cimbudzi.

M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Vermeer ya ku Pella, m'cigawo ca Iowa ku America, inapanga makina operera zitsa. Makinawa ali ndi gudumu lacitsulo lokhala ndi mano olimba kwambiri. Injini imazunguza gudumulo mwamphamvu, ndipo woyendetsa amalisuntha uku ndi uku pamwamba pa citsa, kupala pang'onopang'ono mpaka masentimita 20 kapena 30 pansi pa nthaka. M'makomboni mwathu makinawa saoneka kawirikawiri, pakuti ndi odula. Ambiri amene amawagwiritsa nchito amacita kubwereka ndi ndalama, motero ola lirilonse lotayika ndi ndalama yotayika.

Tsopano tiyeni tiwerengere pamodzi. Citsa cotambalala masentimita 60, tikacipera kuya kwa masentimita 40 kuyambira pamwamba pake, ciri ndi mtengo wokwana pafupifupi malita 110. Mtengo ukaphwanyika, pakati pa zibenthu pamalowa mpweya, ndipo mulu wake umakula kuposa kawiri. Mukaonjezapo dothi, mupeza kuti citsa cimodzi cadzaza dramu la malita 210 ndi kusefukira. Mulu umenewu umabwerera m'dzenje ndi kukwirira citsa. Woyendetsa saonanso pamene akudula, gudumu limangopera zibenthu zomwe lapera kale, mafuta amatha, ndipo mano amagunda miyala yobisika ndi kubuntha.

Apa ndi pamene nzeru za amisiri athu zimafunika. Aliyense wodutsa mu msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga amaona amisiri akuwocherera mageti, mafelemu a zitseko ndi mbaula. Manja omwewo angapange zipangizo zitatu.

Coyamba ndi cochinga. Mmisiri amapanga mafelemu atatu a citsulo, otalika pafupifupi mita imodzi, olumikizidwa ndi mahinjesi kuti azipindika, ndipo amakhomerapo lamba wakale wa rabara, monga uja wonyamula miyala ku migodi. Cochingaci cimaimikidwa mozungulira citsa. Zibenthu zikagunda rabara zimagwera pamalo amodzi m'malo mouluka kukaswa mawindo a oyandikana nao. Malata sayenera pa nchitoyi cifukwa mwala umanjanja pa lata ndi kubwerera kwa munthu.

Caciwiri ndi cokokolera. Ici ndi cidutswa ca citsulo cophwatalala, cotambalala masentimita 40, cowocheredwa ku paipi yaitali mamita awiri. Kunsi kwake amaikako mano afupiafupi a citsulo cija ca konkire. Reki ya m'dimba imathyoka msanga pa zibenthu zonyowa, ndipo fosholo imatopetsa msana, koma cokokolera cimakoka mulu wonse kutuluka m'dzenje ndi kuukhuthulira pa tenti kapena masaka osokedwa pamodzi amene ayalidwa pambali.

Cacitatu ndi cokankhira, cimene cimamangidwa pa makina aakulu oyenda okha. Ndi citsulo conga khasu lalikulu la thirakita, ndipo cimakankha mulu ndi kufotsera dzenje nchito ikatha. Ciyenera kumangidwa ndi mabauti ku felemu ya makina, kutali ndi gudumu la mano, ndiponso mwini makina atavomereza.

Akulu anati tsoka silinunkha. Cifukwa cake sungani malamulo awa. Musacotse kapena kuboola cophimba ca gudumu kuti cipangizo canu cikwane. Musakokolole zibenthu gudumu likali kuzungulira. Zimitsani injini ndi kudikira mpaka litaima ndithu. Valani magalasi ochinjiriza maso, zotseka m'makutu ndi nsapato zolimba. Musanayambe, funsani pamene padutsa mapaipi a madzi ndi mawaya a magetsi, pakuti m'makomboni ambiri mapaipi sali pansi kwenikweni. Ana nonse muime kunja kwa yadi. Kuonerera pafupi kungakutayitseni diso.

Nanga zibenthuzo zipite kuti? Zisatayidwe m'ngalande. Komboni ya Kanyama yakhala pa thanthwe la miyala ya laimu, ndipo madzi a pansi ali pafupi kwambiri ndi nthaka. Akuluakulu akukumbukira cigumula ca 1978 cimene cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo ambiri a inu mukudziwa za kolera imene inavuta mzinda wathu m'zaka za 2017 ndi 2018. Ngalande ikatsekeka, madzi a mvula amadzaza zimbudzi ndi kutengera zonyansa m'zitsime zosaya. Wilibala imodzi ya zibenthu yotayidwa pamalo olakwika ingabweretse matenda m'nyumba zambiri.

Zibenthu ziri ndi nchito yabwino. Ziyaleni pamwamba pa nthaka m'dimba la repu kapena pansi pa mitengo ya zipatso, kuti cinyezi cisauluke m'mwezi wa Okutobala, koma osazigundiza ku khoma la nyumba poopa ciswe. Musazikwirire m'nthaka zikali zaziwisi, cifukwa tizilombo toziwoletsa timayamba tadya naitirojeni amene mbeu zikanadya, ndipo masamba amasanduka acikasu. Zisakanizeni ndi zitosi za nkhuku, muzithirire madzi ndi kuzitembenuza. Pakapita miyezi ingapo mudzapeza manyowa. Ndiponso musamange khoma pamwamba pa dzenje lodzaza zibenthu, pakuti zikawola nthaka imatitimira ndipo khomalo limang'ambika.

Aphunzitsi, nchito ya sabata ino ndi iyi: ana apeze citsa pafupi ndi sukulu, aciyese ndi tepi, awerengere malita a zibenthu zimene zingatuluke, ndi kujambula cochinga coyenera citsaco. Pa tsiku lobzala mitengo m'dziko lathu, kalasi ibzale mtengo wina m'malo mwa umene unadulidwa, patali ndi maziko a nyumba. Tsalani bwino mpaka sabata yamawa.